Liwiro la Superman ndi Flash

Anthu poturuka m'nyumba ya kanema amatsutsana kawirikawiri kuti waliwiro koposa ndani, Superman kapena Flash. Mtsutso umenewu ngwakale. M'caka ca 1967 olemba mabuku a zithunzi anawapikisanitsa awiriwa, ndipo anafika pamodzi.

Koma pomenyana miyendo yokha siikwanira. Munthu wamba akaona ngozi, papita ngati limodzi la magawo anai a sekondi asanasunthe dzanja. M'kanthawi komweko cipolopolo ca mfuti ya asilikari cayenda mamita oposa 150. Cotero wofuna kucilewa ayenera kufulumira maso ndi maganizo omwe.

Ndico cifukwa cace otsutsanawo amakumbutsana za kanema wa Justice League wa 2017. M'menemo Flash pothamanga, anthu onse aoneka ngati auma. Koma diso la Superman litembenuka nilimtsata, ndipo Flash agwidwa ndi mantha.

Tsono kanema aonetsa zithunzi 24 zokha pa sekondi. Ncifukwa cace opanga kanema amacedwetsa dala nkhondo yonseyo, pakuti Flash akadathamanga pa liwiro lace leni-leni, olipira pakhomo sakadamuona konse.