Chovala chogwira thupi pochita masewera

Ndimamva chisoni ndikaona mayi wa thupi lake atasiya kuthamanga kapena kusewera netibo chifukwa chifuwa chikumupweteka. Nthawi zambiri vuto limakhala chovala, osati thupilo.

M'mabere mulibe mnofu wolimba woti n'kuwagwira. Chimene chimawasunga ndi khungu ndi timitsempha topyapyala tam'kati, ndiye podumpha amagwedezeka uku ndi uku. N'chifukwa chake mu 1977, ku Vermont m'dziko la America, Lisa Lindahl ndi anzake anasoka bra yoyamba yothamangira.

Ma bra amenewa alipo amitundu iwiri. Ina imangopanikiza mabere pachifuwa, ndipo imathandiza a mabere aang'ono. Kwa inu a mabere aakulu, ndikulangiza yomwe bere lililonse lili ndi thumba lakelake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti katundu wamkulu amanyamulidwa ndi lamba wa m'munsi, osati zingwe za m'mapewa. Lambayo agwire bwino, pongolowa zala ziwiri basi. Akamakwera kumsana, ndi wamkulu. Kwezani manja, dumphani pomwepo musanalipire, osachita manyazi. Mukamagula pa kaunjika, kokani lasitiki; ngati sakubwerera msanga, isiyeni ngakhale mtengo ukome.

Pa zovala za m'munsi, sankhani zofika pamwamba pa mchombo komanso zophimba ntchafu, kuti zisamakhulane mpaka kusupuka. Njutani pa galasi muone ngati nsaluyo sikuonetsa m'kati. Ya thonje imasunga thukuta, pomwe yosakaniza nayiloni imauma msanga. Mukachapa, yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa la Okutobala limapha lasitiki.