Khomo limene linangotsegulidwa pang'ono

M'buku la Estere timawerenga za Hamani, amene anakonza zoti Ayuda onse aphedwe tsiku limodzi. Chiwembu chake chinalephereka. Koma china chonga icho chinachitikadi ku Ulaya m'nthawi ya agogo athu.

Adolf Hitler anatenga ulamuliro wa Germany mu 1933. Anayamba ndi pakamwa: kusowa kwa ntchito, kugonja pa nkhondo, zonse ankati n'chifukwa cha Ayuda. Kenako kunabwera malamulo. Mu 1935 Myuda analandidwa unzika, naletsedwa kukwatirana ndi Mjeremani. Usiku wa pa 9 November 1938 masunagoge anatenthedwa, masitolo a Ayuda naphwanyidwa, anansi awo akuonerera. Chimene chimatipweteka ife n'chakuti ambiri mwa anansiwo anali obatizidwa, opita kutchalitchi kukapembedza Yesu, amene naye anabadwa Myuda. Alipo ena amene anabisa Ayuda m'nyumba zawo, koma anali owerengeka.

Nkhondo itayamba mu 1939, kupha kunasanduka ntchito ya boma. Ena anawomberedwa m'mphepete mwa maenje. Ena anapanikizidwa m'mabogi a sitima ngati ng'ombe, kupita kumisasa monga Auschwitz ku Poland, kumene ankaphedwa ndi mpweya wa poizoni. Pofika 1945, Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa. Tiwerenge anthu onse a m'chigawo chathu cha Kum'mawa kawiri, sitinafikebe pamenepo.

Mwina wina akuti, zakutali chotero zikutikhudza bwanji ife a ku Chadiza? Akuluakulu akukumbukira zaka za m'ma 1980, pamene abale a ku Mozambique ankadutsa malire atasenza timitolo, kuthawa nkhondo. Ayuda nawo anayenda chomwecho, kugogoda khomo ndi khomo. Mu July 1938 mayiko 32 anakumana ku Evian, ku France, kukambirana zowalandira. Anamva chisoni ndithu, koma pafupifupi onse anati kwawo kulibe malo.

Dziko lathu, limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, linatchulidwanso. Panali maganizo opatsa mabanja a Ayuda malo olima cha ku Mwinilunga, koma azungu ambiri okhala kuno sanafune, ndipo nkhaniyo inathera m'mapepala. Amene anakwanitsa kulowa anali mazana ochepa chabe.

Mu 1938 momwemo munafika mnyamata wa zaka 13 wochokera ku Lithuania, dzina lake Simon Zukas. Atakula anaima pamodzi ndi anthu akuda polimbana ndi atsamunda, mpaka boma linamuthamangitsa m'dziko mu 1952. Anabweranso Zambia italandira ufulu, nadzakhala nduna ya boma, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 96. Kumene anachokera kuja, mwa Ayuda 10 alionse amene anatsala, 9 anaphedwa.