Firiji ya gasi ikasiya kuziziritsa, musafulumire kuitaya

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo kuno ku Mangochi, tidatsegula firiji yathu ndi kupeza chambo cha dzulo lake chitafewa, mkaka utasasa. Chomwe chidatiwawa kwambiri ndi katemera wa chitopa amene anzathu a m'mudzi adatisungitsa. Tidamutaya, chifukwa sitikanatha kudziwa kuti wakhala masiku angati pa kutentha.

Firijiyi adatitumizira mwana wathu wa ku Johannesburg. Idachotsedwa mu karavani, ngolo yogonamo imene anthu apaulendo amakoka ndi galimoto. Tikudziwa kuti mabanja angapo m'mbali mwa nyanja muno ali nazo zotere, n'chifukwa chake tafuna kugawana nanu zimene tidaphunzira poikonza.

Imagwira ntchito bwanji?

Firiji yamtunduwu ilibe injini ndipo silira. Nzeruyi adaitulukira anyamata awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, mu 1922, ndipo kampani ya Electrolux idayamba kugulitsa mafirijiwa mu 1925. M'mapaipi akumbuyo aja muli amoniya, madzi ndi mpweya wa hydrogen. Kalawi ka gasi kamawiritsa amoniyayo, amakwera ngati nthunzi, amazizira pa timalata ta pamwamba n'kusanduka madzi, kenako amatsikira m'kati mwa firiji momwe amauluka n'kutenga kutentha kwa chakudya. Akatero amabwerera pansi yekha, ngati madzi mu ngalande ya kudimba.

Ndiye firiji imeneyi imafuna zinthu zitatu basi: moto wokwanira, mphepo kumbuyo, ndi kukhala chilili. Ikavuta, yambirani pamenepo.

Choyamba, kodi yaima bwino?

Ngalande ikapendekeka molakwika, madzi sayenda. Chimodzimodzinso amoniya. Ikani levulo ya amisiri omanga m'kati mwa firiji, kapena mbale yodzaza madzi, muone ngati madziwo akuthawira mbali imodzi. Ife tidapeza kuti chiswe chidadya thabwa limene firiji idakhalapo, ndipo mwendo umodzi udalowa pansi. Tidaika njerwa zowotcha. Musachedwe nazo izi: firiji ikamayaka ili yopendekeka kwa nthawi yaitali, mankhwala a m'kati amapsa n'kuuma m'paipi, ndipo paipi yotsekeka motero siitsekukanso.

Chachiwiri, kumbuyo kukupita mphepo?

Kutentha konse kochoka m'kati kumatulukira kumbuyo. Mu karavani mumakhala mawindo awiri a mphepo, lapansi ndi lapamwamba, koma ife timaigunditsa kukhoma n'kusanjika mabeseni ndi ukonde pamwamba pake. Isunthireni kutsogolo kuti pakhale mpata wolowa dzanja, chotsani zonse za pamwamba, ndipo sesani fumbi ndi ukonde wa akangaude pa timalata tija. Isakhale padzuwa, kapena pafupi ndi mbaula. Dziwaninso kuti kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, mafiriji ambiri amtunduwu amafooka ngakhale ali abwinobwino. Kafani kakang'ono koyendera batire, kouzira mphepo m'mwamba kumbuyoko, kamathandiza ndithu.

Chachitatu, lawi likuoneka bwanji?

Lawi labwino ndi la buluu, loima njii. Likakhala lachikasu, lofuka kapena laling'ono, ndiye kuti pena patsekeka. Tsekani gasi pa silinda, dikirani kuti pazizire, kenako masulani kachivundikiro ka pamene pamayakira moto. Ife tidapezamo dzimbiri loyoyoka kuchokera m'chumuni ndi kanyumba ka kangaude. Pukutani ndi kaburashi. M'chumuni muli kachitsulo kopotana kolendewera pa waya. Katulutseni, chotsani mwaye, ndipo mukabwezeretse pamalo pake, chifukwa n'kamene kamachedwetsa kutentha kuti kusangothawira kunja.

Kabowo kotulukira gasi, kamene amisiri amati jeti, musakatokose ndi singano kapena waya. Kakakula pang'ono pokha, lawi limawonongeka. Kaviikeni mu sipiriti n'kukauzira ndi pampu ya njinga. Ngati lawi likuzima mukangosiya batani, onani kachitsulo kowonda kamene nsonga yake imakhala m'lawimo. Kakasuntha kapena kutha, gasi amadzitseka yekha. Kamagulidwa pakokha, simufunika firiji yatsopano.

Mukamanga zonse, pakani thovu la sopo molumikizira monse. Pakatuluka tithovu, gasi akuchucha. Abale, osayesa ndi machesi! Ndiponso firiji ya gasi isakhale m'chipinda chogona chotseka mawindo. Lawi lofuka limatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja wa makala.

Chitseko ndi kalongedzedwe

Panani pepala ndi chitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, labala watha ndipo mphepo yotentha ikulowa. Yesani mbali zonse zinayi. Ayezi akakundikana pa timalata ta m'kati, zimitsani asungunuke yekha. Mpeni ayi, mungaboole paipi.

Ambiri timalakwitsanso apa: timathira beseni lonse la utaka wofunda kuchokera padoko n'kumayembekeza kuti pofika madzulo ukhala utauma. Firiji iyi mphamvu yake ndi yochepa. Ntchito yake ndi kusunga ndiwo za pakhomo, mkaka ndi katemera pa madigiri 2 mpaka 8. Nsomba za malonda zimafuna ayezi, thandala kapena uvuni. Nsomba muzitumbula ndi kutsuka musanaike, musiye mpata woyenda mphepo, ndipo ana asamatsegule pafupipafupi. Katemera asakhudze kabokosi ka ayezi.

Ngati yanu ili ndi mbali ya magetsi, iyeseninso pamenepo. Ikazizira pa magetsi koma osati pa gasi, vuto lili pa moto, mapaipi ali bwino. Mbali ya 12V adaipangira galimoto ikuyenda. Pa batire ya sola imatha moto usiku usanathe.

Nanga ikafa zenizeni?

Mukamva fungo loboola mphuno ngati mkodzo wa m'khola, kapena mukaona ufa wachikasu pafupi ndi chumuni, amoniya watuluka. Zimitsani nthawi yomweyo, tsegulani mawindo, muitulutse panja. Ufawo ndi poizoni, ana asaugwire. Musalole wina aliyense kuwotcherera kapena kuboola mapaipiwo, ndipo amene akuti aithira gasi wa firiji za magetsi angokudyerani ndalama, chifukwa si mtundu umodzi.

Pali ina imene yangokhalitsa osayaka, yopanda fungo, moto uli bwino, koma osazizira. Imeneyi ena amaichotsa ku gasi, n'kuizondotsa mutu pansi kwa maola angapo, kenako kuiimika tsiku lathunthu asanayatse. Nthawi zina imadzuka, nthawi zina ayi. Kuyesa n'kwaulere.

Pomaliza, kuleza mtima. Ife titakonza thabwa ndi kuchotsa mwaye, tidayatsa titangoswali Isha, n'kudziletsa kutsegula. Pa Fajr timalata tinali titagwira chisanu, koma kuzizira kwenikweni kudafika tsiku litatha. Tsopano tidagula kathemomita kotchipa kamene kamakhala m'kapu ya madzi m'katimo, ndipo chumuni timapukuta chaka chilichonse mwera ukangoleka, kutentha kusanayambe. Katemera wa anzathu tayambanso kusunga.