Mabelo a pa kompyuta: momwe anthu odzipereka amamangira Debian

Aliyense amene adalimapo fodya kuno ku Chidzolomondo akudziwa kuti ntchito sithera kumunda. Fodya akauma m'chigafa amayenera kusankhidwa, kumangidwa ndindi, kudindidwa pa jeke ndi kusokeredwa m'chiguduli, ndipo pa belo lililonse pamalembedwa nambala ya mwini wake. Belo likapezeka ndi fodya wowola kapena mwala m'kati, sipakhala kukangana kuti walakwa ndani chifukwa nambala ili pomwepo.

Sabata ino tikambe za anthu ena amene nawonso amamanga mabelo, koma awo ndi a mapulogalamu a kompyuta. Gulu lawo limatchedwa Debian. Anthuwa ali m'maiko osiyanasiyana, gululo siliwalipira, ndipo zimene amapanga amazipereka ulere kwa wina aliyense. Funso n'lakuti, katundu wopangidwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri a iwo osaonanapo nkhope, angadalirike bwanji?

Kodi Debian n'chiyani?

Kompyuta payokha ndi chitsulo chabe. Kuti igwire ntchito imafuna pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, monga momwe ngolo imafunira woyendetsa. Anthu ambiri amadziwa Windows, imene kampani ya Microsoft imagulitsa koma osaulula momwe idalembedwera.

M'chaka cha 1983, a Richard Stallman a ku America adayambitsa ntchito yotchedwa GNU ndi cholinga choti pakhale mapulogalamu amene munthu aliyense angawagwiritse ntchito, kuwawerenga m'kati, kuwasintha ndi kugawira anzake popanda womuletsa. Mu 1991 mnyamata wa pa yunivesite ku Finland, Linus Torvalds, adalemba Linux, imene tingati ndi injini ya dongosolo lonseli. Amene muli ndi foni ya Android dziwani kuti injini imeneyi mumayenda nayo m'thumba tsiku ndi tsiku.

Vuto lidali lakuti zipangizozi zidali zomwazikana, china uku china uko, ndipo kuzilumikiza kudali kwa akatswiri okha. Pa 16 August 1993, a Ian Murdock, amenenso adali pasukulu ku America, adalengeza ntchito yosonkhanitsa zonsezi pamodzi poyera. Dzina loti Debian adalipanga pophatikiza dzina la bwenzi lawo Debra ndi lawo la Ian. Lero gululi lili ndi mamembala pafupifupi 1,000, ndipo Debian 13, imene idatuluka pa 9 August 2025, ili ndi maphukusi oyandikira 70,000.

Momwe phukusi limamangidwira

Anthu a Debian salemba okha mapulogalamu onse. Ambiri amalembedwa ndi anthu ena kwina, monga momwe fodya amachokera m'minda yambiri. Ntchito ya Debian ndi kutenga pulogalamuyo, kuiona bwinobwino ndi kuimanga m'phukusi limene munthu wamba angaliike pa kompyuta yake mosavutika.

Phukusi lililonse lili ndi msamali wake, kaya munthu mmodzi kaya kagulu, ndipo dzina lake limalembedwa pamenepo. Msamaliyo amayamba waona ngati mwini pulogalamu adaperekadi chilolezo choti anthu aigawane ndi kuisintha. Kenaka amalemba pa phukusilo zinthu zina zimene pulogalamuyo imafuna kuti iyende. Tonse tikudziwa kuti kugula tcheni cha njinga popanda kuona ngati chikugwirizana ndi njingayo n'kutaya ndalama. Pa Debian pali chida chotchedwa apt chimene chimawerenga mndandanda umenewu, ndipo munthu akapempha pulogalamu imodzi, icho chimabweretsa ndi zonse zoyendera limodzi.

Akamaliza, msamali amadinda phukusilo ndi kiyi wake wachinsinsi, amene ali ngati chidindo cha amfumu pa kalata. Munthu sangodzuka n'kupatsidwa mphamvu imeneyi. Amayamba wagwira ntchito pansi pa membala wakale amene amamuonera maphukusi ake asanalowe, kenaka ena amamuchitira umboni, ndipo amafunsidwa mafunso pa malamulo a gululo ndi pa luso lake. Kwa zaka zambiri mwambo wakhala wakuti mamembala amakumana maso ndi maso, kuonetsana ziphaso, kenaka n'kutsimikizirana makiyi awo.

Zipata zitatu

Phukusi latsopano silifika kwa anthu tsiku lomwelo. Limayamba lalowa m'chigawo chotchedwa unstable, kumene kumakhala okhawo olimba mtima amene savutika kompyuta ikawasokonekera. Likakhala kumeneko masiku angapo popanda kupezeka ndi vuto lalikulu, limasamukira ku testing, kumene limayesedwa pamodzi ndi maphukusi ena onse.

Pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, akuluakulu oyang'anira kutulutsa Debian amatseka chipata. Kwa miyezi ingapo salola zatsopano kulowa, ndipo onse amatembenukira ku ntchito yokonza zolakwika zimene zapezeka. Phukusi limene vuto lake lalikulu lakanika kukonzedwa limachotsedwa, ngakhale likhale lokondedwa. Zikatha izi mpamene imatuluka Debian yotchedwa stable, imene masukulu, maofesi ndi makampani amadalira.

Mu 1997 gululi lidalemba pangano lake ndi anthu onse. Mwa zina lidalonjeza kuti Debian idzakhala yaulere nthawi zonse ndiponso kuti silidzabisa mavuto ake. Motero aliyense wopeza cholakwika akhoza kuchinena, ndipo dandaulo lake limapatsidwa nambala n'kuikidwa poti dziko lonse liwerenge, pamodzi ndi yankho la msamali.

Pamene zidalakwika

Tisaganize kuti anthuwa salakwa. Mu 2006 msamali wina, pofuna kukonza kanthu kakang'ono mu pulogalamu ya OpenSSL, imene imapanga makiyi achinsinsi, adachotsa mzere wofunika kwambiri osadziwa. Zotsatira zake zidali zakuti kompyuta zinkapanga makiyi a mitundu pafupifupi 32,000 yokha, moti wakuba wodekha akadatha kuwayesa onse mpaka loko atatseguka. Cholakwikachi chidadutsa zipata zonse zitatu ndipo chidakhala pafupifupi zaka ziwiri, kufikira mu May 2008 pamene membala wa ku Argentina, a Luciano Bello, adachitulukira. Debian sidabise. Idalengeza poyera ndi kuuza anthu kuti asinthe makiyi awo onse.

Nkhani yachiwiri ndi ya mu 2024, ndipo iyi idali yadala. Pali kapulogalamu kotchedwa xz kamene ntchito yake ndi kupanikiza mafayilo kuti achepe, monga jeke amachitira ndi fodya. Kamapezeka pafupifupi mu kompyuta iliyonse ya Linux, koma kwa zaka zambiri amene ankakasamalira adali munthu mmodzi, a Lasse Collin, pa nthawi yawo yopuma ndipo popanda malipiro. Cha mu 2021 kudabwera munthu wodzitcha Jia Tan amene adayamba kuthandiza mwaulemu ndi mwakhama. Nthawi yomweyo mayina ena adayamba kudzudzula a Collin kuti akuchedwetsa ntchito ndipo apeze wowathandiza. Atatopa, adagawana udindo ndi mlendoyo.

Patapita zaka zoposa ziwiri akudziwika ngati munthu wabwino, mu February 2024 mlendo uja adabisa m'pulogalamuyo khomo lakuseri lolowera m'makompyuta a anthu. Mwala udalowa m'belo. Phukusilo lidafika ku unstable ndi ku testing. Koma katswiri wina, a Andres Freund, akuyesa zinthu zawo pa Debian ya unstable, adaona kuti kompyuta ikuchedwa ndi theka la sekondi pa ntchito imene imayenera kuchitika msanga. Sadanyozere. Adafufuza mpaka adapeza msamphawo, ndipo pa 29 March 2024 adaulula. Debian idachotsa phukusilo mwachangu, ndipo stable sidakhudzidwe konse. Akadapanda kukhalapo masiku oyembekezera aja, komanso ufulu woti aliyense asuzumire m'kati, makompyuta ambirimbiri pa dziko lapansi akadatsegukira akuba.

Kodi ife zikutikhudza pati?

Ntchitoyi si ya azungu okha. A Mark Shuttleworth a ku South Africa adali membala wa Debian, ndipo mu October 2004 kampani yawo ya Canonical idatulutsa Ubuntu, imene imatenga maphukusi ake ambiri kuchokera ku Debian. Mawu oti ubuntu ndi omwe ife timati umunthu. Mu July 2016 msonkhano wa pachaka wa Debian udachitikira ku Cape Town, ndipo kuyambira 2020 mpaka 2024 mamembala adasankha a Jonathan Carter, a ku South Africa konko, kukhala mtsogoleri wawo.

Kutsidya kwa malire ku Malawi, mu 2001 a Gerry Douglas adayamba kuika makina olembera odwala pongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ntchitoyi idakula pansi pa bungwe la Baobab Health, idafika ku zipatala zina ndi ku malo olandirira mankhwala a ARV, ndipo idamangidwa pa Linux ndi mapulogalamu ena aulere, achinyamata a ku Malawi akulemba nawo okha. Amene mudadwalirako kumeneko mwina mudaona kapepala ka timizeremizere kamene amamata pa buku la kuchipatala.

Palinso nkhani ya makompyuta akale amene amafika m'masukulu ndi m'maofesi mwathu ngati mphatso kapena ogulidwa pa kaunjika. Pa 14 October 2025 Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11. Debian imayenda bwino pa ambiri a iwo, imapezeka m'Chipwitikizi, ndipo mphunzitsi wa ku Furancungo akhoza kuikopera pa fulashi n'kupatsa mnzake wa ku Tsangano popanda kuphwanya lamulo kapena kulipira ngakhale metikali imodzi. Chilolezo chake chimalolanso aliyense wofuna kuimasulira m'Chinyanja kutero.

Komabe phunziro lalikulu tilione pa mjigo wa m'mudzi mwathu. Madzi timatunga tonse, koma kawirikawiri wothira girizi ndi kusintha marabala amakhala munthu mmodzi, ndipo timamukumbukira tsiku lokha limene mjigo wafa, pomukalipira. Debian yakhala zaka zoposa 30 chifukwa chinthu chilichonse chili ndi dzina la wochisamalira, ntchito ya mmodzi imaonedwa ndi mnzake, ndipo zolakwika zimanenedwa poyera. Msamali akatopa amaloledwa kunena kuti watula, phukusilo n'kulengezedwa kuti ndi lamasiye kuti wina alitenge. Pamene ngozi idatsala pang'ono kugwa mu 2024 mpamene munthu mmodzi adasiyidwa yekha ndi katundu wa dziko lonse. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Makomiti athu a mijigo, a sukulu ndi a makalabu a alimi adzifunse ngati palibe wina amene amusiyira denga yekha.