Kodi mumadziwa? Mtima wofooka sufuna dokotala yekha

Kodi mumadziwa kuti munthu amene mtima wake ukulephera kupopa magazi mokwanira sabwererabwerera kuchipatala akamasamalidwa ndi anthu a maluso osiyanasiyana? Mu 1995, Michael Rich ndi anzake a ku St. Louis, m'dziko la America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa okalamba 282 odwala matendawa. Ena mwa iwo anaphunzitsidwa ndi namwino, kulangizidwa za kadyedwe, kuunikiridwa mankhwala komanso kuyenderedwa kunyumba. M'masiku 90, kugonekedwanso chifukwa cha mtima kunatsika ndi 56 peresenti pagulu limeneli poyerekeza ndi enawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: matendawa amakulira kunyumba. Mchere ukachuluka m'ndiwo, kapena wodwala akamadumphitsa mankhwala, madzi amadzaza m'miyendo ndi m'mapapo.

Wina anganene kuti zimenezi n'za mayiko olemera, poti ku Senga Bay kapena ku Chipoka katswiri wa mtima sapezeka. Koma zambiri mwa ntchitozi sizilira katswiri. Ndondomeko ya PEN-Plus, imene kuno kwathu inayambira ku Neno n'kufikanso pachipatala chachikulu cha Salima, imaphunzitsa anamwino ndi madokotala a m'maboma kusamalira odwala mtima. Mlangizi wa zaumoyo angakumbutse wodwala tsiku lopita kuchipatala, wophika angachepetse mchere mu usipa, ndipo sikelo wamba ingachenjeze: kulemera kukakwera ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu, madzi ayamba kuchuluka m'thupi. Ndalama zoyendera n'zovutadi, koma kuthamangira kuchipatala miyendo itangoyamba kutupa n'kotchipa kusiyana ndi kugonekedwa, wodwala ndi womudwazika onse atasiya ntchito.