Liwiro la Mkono ndi Diso la Woponya

1. Mkangano wa m'kalasi mwathu

Anzathu ophunzira, tonsefe tinakula tikuponya. Tili ana tinkagenda mango ndi masuku. Titasinkhuka, makolo ankatituma kumunda kukaingitsa mbalame m'mapira ndi kukapirikitsa anyani m'chimanga. Amuna opita ku uzimba amadziwa kuponyera kalulu chibonga. Atsikana ali ndi masewera awo a fulaye, pamene awiri amagenda mnzawo wapakati ndi mpira wa mapepala, iye akulewa.

Tsiku lina m'kalasi mwathu, kuno ku Chidzolomondo, munabuka mkangano. Bambo wina ananena kuti mlonda wabwino wa munda ndi mnyamata wa mkono wamphamvu, amene mwala wake umalira pouluka. Mayi wina anakana. Iwo anati mwana wawo wamkazi saponya mwamphamvu, koma akaloza chinthu saphonya, ndipo mbalame zimamuopa. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, osagwirizana.

Funso limeneli si lathu lokha. Kuli maiko kumene kuponya ndi ntchito yolandira malipiro. Kumeneko anthu akhala akuyeza ndi kulemba liwiro la mkono kwa zaka zambiri. Tiyeni tione zimene anapeza, kenaka tibwerere kumunda kwathu.

2. Masewera a baseball

Masewera a baseball ndi otchuka ku United States, Cuba, Japan, Venezuela ndi Dominican Republic. Kuyambira mu 1977 ana ambiri a ku Mozambique anapita kukaphunzira ku Cuba, ndipo anakawapeza masewerawa kumeneko. Muno mu Africa amaseweredwa ku South Africa ndi ku Uganda. Mu 2019 mnyamata wa ku Johannesburg, Tayler Scott, anayamba kuponya mu ligi yaikulu ya ku United States.

Masewera ake amayenda motere. Pali matimu awiri, ndipo timu iliyonse imalowetsa anthu 9 m'bwalo. Munthu mmodzi ndi woponya. Iye amaima pa kachulu pakati pa bwalo. Patsogolo pake pamaima womenya wa timu inayo, atagwira chibonga chosalala. Kumbuyo kwa womenya kumanjuta wowakha, mnzake wa woponya. Kuchokera pa woponya kufika pa womenya pali mamita 18 ndi theka. Mpira wake ndi wolimba, waukulu ngati lalanje, wolemera magalamu pafupifupi 145. Ndi wokutidwa ndi chikopa, chosokedwa ndi ulusi wofiira.

Woponya saponya paliponse. Ayenera kupititsa mpira pa kazenera kosaoneka kamene kali patsogolo pa womenya. M'lifupi mwake ndi masentimita 43, ndipo kutalika kwake n'kuchokera m'mawondo kufika cha pachifuwa. Womenya akalephera katatu, watuluka. Koma woponya akaphonya kazenera kanayi, womenya osayesa kumenya, womenyayo amapita ulere pa malo oyamba. Imeneyi ndi mphatso kwa timu inayo. Motero woponya amafuna zinthu ziwiri: mkono ndi diso.

3. Kodi liwiro limathandiza?

Inde, limathandiza. Liwiro la mpira amaliyeza ndi makina onga aja amene apolisi a pamsewu amayezera magalimoto. Akatswiri ambiri amaponya mpira pa liwiro la makilomita 150 pa ola. Mpira wotere umafika kwa womenya theka la sekondi lisanakwane. M'kanthawi kameneko iye ayenera kuona mpira, kuganiza kumene ukupita, ndi kuzunguza chibonga.

Tiyerekeze kuti anthu awiri aponya nthawi imodzi. Wina waponya pa makilomita 160 pa ola, wina pa 140. Mpira woyamba ukamafika, wachiwiri umakhala utatsalira mamita awiri ndi pang'ono. Mamita awiri amenewa ndi nthawi imene womenya walandidwa. Chifukwa chake woponya wa liwiro akalakwitsa pang'ono, kawirikawiri amapulumuka. Woponya wofooka akalakwitsa chimodzimodzi, mpira umamenyedwa n'kupita kutali.

Matimu amadziwa zimenezi, ndipo amafunafuna anyamata a liwiro. Mu 2008, mu ligi yaikulu ya ku United States, mpira wowongoka unkayenda pafupifupi makilomita 148 pa ola tikaphatikiza oponya onse. Pofika 2024 unkayenda pafupifupi makilomita 152. Pa 24 Seputembala 2010 Aroldis Chapman, wobadwira ku Cuba, anaponya mpira pa makilomita 170 pa ola akusewerera timu ya Cincinnati Reds.

Choncho bambo wa m'kalasi mwathu uja sananame. Koma nkhani sithera pamenepa.

4. Kuthamanga sikufika

Kunali mnyamata wina dzina lake Steve Dalkowski. Amene anamuona ankanena kuti panalibe woponya mwaliwiro ngati iye. Mu 1960, akusewera mu ligi yaing'ono, anatulutsa omenya 262 amene analephera katatu. Koma chaka chomwecho anapereka ulere kwa omenya 262, chifukwa chophonya kazenera. Zimene mkono unkakolola, diso linkataya. Iye sanafike konse mu ligi yaikulu.

Tsopano tione Greg Maddux, amene anasewera kuchokera mu 1986 mpaka mu 2008. Nthawi zambiri mpira wake sunkapitirira makilomita 145 pa ola. Anzake ambiri ankamuposa liwiro. Koma iye ankaika mpira pamene wafuna, m'mphepete mwenimweni mwa kazenera. Ankaphunziranso zizolowezi za womenya aliyense. Anapambana masewera 355, chiwerengero chimene oponya owerengeka okha anafikapo. Winanso ndi Jamie Moyer. Mu 2012 anapambana masewera ali ndi zaka 49, mpira wake wosafika n'komwe makilomita 130 pa ola.

Kodi anthu amenewa ankapambana bwanji? Panali nzeru zitatu.

Yoyamba ndi kuloza. Mpira wa pakati pa kazenera ndi wosavuta kumenya, ngakhale ukhale wothamanga. Mpira wa m'mphepete, cha m'mawondo, ndi wovuta.

Yachiwiri ndi kusintha liwiro. Womenya amazolowera liwiro limodzi. Woponya wochenjera amazunguza mkono monga poyamba, koma amagwira mpira mwa njira ina kuti uchedwe ndi makilomita 15 pa ola kapena chapompo. Womenya amazunguza chibonga mpira usanafike, namenya mphepo.

Yachitatu ndi kupota. Woponya akamasiya mpira amaupota ndi zala. Mpira wozungulira umakankha mpweya mbali imodzi, ndipo umakhotera mbali inayo kapena kugwa pansi usanafike kwa womenya.

Atsikana athu a fulaye amazidziwa nzeru zimenezi popanda wowauza. Amanamizira kuponya, wapakati nadumpha, ndipo pamene akutera ndi pamene amamugenda m'miyendo. Choncho mayi wa m'kalasi mwathu uja nawonso sananame. Koma tisaiwale kuti liwiro la Maddux, limene anzake ankaliona ngati lochepa, munthu wamba sangalifike. Liwiro ndi limene limalowetsa munthu m'bwalo la akatswiri. Kuloza ndi kuchenjera ndi zimene zimamukhazikamo zaka zambiri.

5. Mtengo wa liwiro

Liwiro lili ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi mkono. M'kati mwa chigongono muli kamtsempha kamene kamamanga mafupa pamodzi. Munthu akaponya ndi mphamvu zake zonse, kamtsemphaka kamakokeka kwambiri. Akatero kambirimbiri osapuma, kamayamba kunyotsoka ngati chingwe cha pachitsime, mpaka tsiku lina kamaduka.

Mu 1974 zimenezi zinachitikira woponya wina, Tommy John. Dokotala Frank Jobe anachotsa mtsempha pa mkono wake wamanja, nauika m'chigongono chamanzere chimene ankaponyera. Tommy John anabwerera m'bwalo mu 1976, ndipo anasewera mpaka mu 1989. Opaleshoni imeneyi imadziwika ndi dzina lake. Munthu akachitidwa, amakhala chaka chathunthu kapena kuposerapo asanasewerenso. Mu 2024 akuluakulu a ligi yaikulu anatulutsa lipoti. Linanena kuti kuthamangira liwiro ndi kuponya ndi mphamvu zonse nthawi iliyonse ndiko gwero lalikulu la kuvulala kwa oponya.

Ana ndiwo ali pangozi yaikulu, chifukwa mafupa awo akukulabe ndipo kumapeto kwake n'kofewa. Chifukwa chake mu 2014 ku United States anaika malangizo oteteza ana. Mwana wa zaka 7 kapena 8 asaponye koposa ka 50 pa tsiku. Wa zaka 9 kapena 10 asapitirire ka 75. Wa zaka 11 kapena 12 asapitirire ka 85. Akaponya kwambiri tsiku limodzi, apume masiku anayi.

Kumeneko kuli zipatala zosoka mitsempha yotere. Kwathu kuno opaleshoni imeneyi ili kutali. Mkono umene mwana akugendera mbalame lero ndi womwewo udzagwire khasu, nkhwangwa ndi cholembera. Tiyenera kuusamala.

Pali ngozi inanso. Chinthu chikathamanga kawiri, mphamvu yake pomenya imachuluka kanayi. Mu 1920 wosewera wina wa timu ya Cleveland anamwalira atamenyedwa ndi mpira m'mutu. Masiku ano womenya aliyense amavala chisoti cholimba. Mwala ndi woopsa kuposa mpira, ndipo ana athu alibe zisoti.

6. Mphamvu imachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti liwiro limachokera mu mkono mokha. Si choncho. Taonani mayi akusinja. Sakweza munsi ndi manja okha. Miyendo, chiuno ndi msana zimagwira ntchito pamodzi. Kuponyanso n'chimodzimodzi. Woponya waluso amakankha nthaka ndi mwendo wakumbuyo. Amaponda patsogolo ndi mwendo winawo, molunjika kumene akuloza. Kenaka chiuno chimazungulira, chifuwa chimatsatira, ndipo mkono umabwera pomaliza ngati nsonga ya chikwapu. Akasiya mpira saimitsa mkono mwadzidzidzi. Amaulola kuti utsike wokha mpaka cha pabondo.

Woponya ndi mkono wokha amatopa msanga, amaphonya, ndipo amavulala. Woponya ndi thupi lonse amapeza liwiro popanda kuzunza chigongono.

Makolo athu anapezanso njira ina, ndiyo gulaye. Chingwe cha gulaye chimatalikitsa mkono. Mwala ukamazungulira kutali ndi phewa umathamanga kwambiri, ndipo umafika kumene dzanja lokha silingaufikitse. Koma gulaye ndi wovuta kulozera. Wophunzira ayenera kuyesera kutali ndi anthu ndi ziweto.

7. Tibwerere kumunda

Tsono ndani anapambana mkangano uja? Tiyankhe poona ntchito yake.

Ngati munda ndi waukulu ndipo mbalame zatera kumapeto, liwiro ndi lofunika, pakuti mwala wofooka sufika. Apa mnyamata wamphamvu kapena wa gulaye athandiza. Koma mwala ukangotha kufika, liwiro loonjezera silipindula zambiri. Mwala wothamanga wogwera m'thengo suteteza ngala ngakhale imodzi. Umene wagwa pakati pa mbalame ndi umene umaziulutsa. Anyaninso amayang'ana mkono wa mlonda, monga womenya ayang'ana mkono wa woponya. Mlonda wogenda mofanana nthawi zonse amamuzolowera. Wosintha malo, nthawi ndi kaponyedwe amawasokoneza.

Komanso mlonda amakhala pa chilindo kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, kwa masabata angapo. Woponya ndi mphamvu zonse m'mawa, pofika masana mkono walefuka. Wosunga mphamvu amafika nayo madzulo, pamene mbalame zimabweranso.

Motero tiphunzitse ana athu zinthu izi:

Ayambe ndi kuloza. Aike chitini pa chitsa, aime mapazi 10 kuchokera pamenepo, ndipo asunthire kumbuyo pokhapokha akamachimenya kawirikawiri.

Asanaponye mwamphamvu, ayambe atenthetsa thupi ndi kuponya pang'onopang'ono.

Aponye ndi miyendo ndi chiuno, osati ndi mkono wokha.

Alonda azisinthana. Agwiritsenso ntchito zitini zomangirira pa chingwe, kukuwa ndi zoopsezera mbalame, kuti mkono upume.

Mwana akadandaula kuti chigongono kapena phewa likupweteka, aleke kuponya tsiku lomwelo. Ululu ukapitirira masiku angapo, kapena pakatupa, tipite naye kuchipatala. Tisamunene ulesi.

Asagende kumene kuli munthu, ngakhale mwamasewera.

Tinawerenga phunziro ili pamodzi m'kalasi. Bambo uja ndi mayi uja anaseka, ndipo anagwirizana kuti chaka chino ana awo awiri adzalonda pamodzi, popeza minda yawo ndi yoyandikana.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene woponya amafuna.
2. N'chifukwa chiyani Steve Dalkowski sanafike mu ligi yaikulu?
3. Kodi mphamvu yoponyera imayambira mbali iti ya thupi?
4. Tichite chiyani mwana akamva ululu m'chigongono?
5. Kodi m'mudzi mwanu mumaingitsa bwanji mbalame popanda kugenda?

Masamu

1. Mpira wina ukuyenda makilomita 160 pa ola, wina 140. Akusiyana ndi makilomita angati?
2. Mwana wa zaka 10 waponya ka 48. Kwatsala kangati kuti afike ka 75?
3. Tommy John anabwerera m'bwalo mu 1976, nasiya mu 1989. Panapita zaka zingati?

Lembani m'kope mwanu mawu awa: liwiro, kuloza, chigongono, gulaye, chilindo.