Mapiri a Manenekera Sadziwa Kuti Mwanyamula Wodwala

Mabanja ambiri a mu Kapata, Mchini ndi makomboni ena a mu Chipata amalandira kalata ya dokotala yotumiza wodwala wao ku UTH, kapena ku cipatala ca matenda a khansa cimene cinatsegulidwa mu Lusaka mu 2007. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo cigawo cake cobvuta cili m'mapiri a Manenekera, kufupi ndi ulalo wa Luangwa umene unamangidwa mu 1968.

Pamenepo mseu ngwopapatiza ndi wokhotakhota. Malole olemedwa ndi feteleza kapena simenti amakwera ngati nkhono, ndipo potsika mabuleki amatentha. Lole imodzi ikangofa kapena kugwa pa kona, magalimoto amandandalika mbali zonse ziwiri. Ambulansi nayonso imaima, pakuti njira yolambalala palibe. Zipatala zili kutali: ca mishoni ku Mpanshya ca kumadzulo, ndi ca Nyimba ca kum'mawa.

Tsono amene amabvutika koposa ndi wodwala amene mankhwala ace ali m'cikwama ca pansi pa basi, copanikizidwa ndi matumba a nshawa. Ici ndi cizolowezi coipa ndithu. Mankhwala a BP, a khunyu, a TB ndi ma ARV azikhala m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo akhale okwanira masiku angapo kuposa amene mwawerengera.

A matenda a shuga asamale kwambiri. M'cigwa ca Luangwa mumatentha koopsa mu Okutobala, ndipo insulini imaonongeka ndi kutentha. Ikulungeni m'kansalu konyowa, kutali ndi zenera. Munthu wobaya insulini akakhala nthawi yaitali osadya, shuga imatsika, amayamba kutuluka thukuta ndi kunjenjemera, mwina kukomoka kumene. Tengani mabanzi, nthoci ndi maswiti.

Ena amakana kumwa madzi poopa kubvutitsa dalaivala. Mwana wotsegula m'mimba sangadikire motero. Nyamulani madzi owiritsa ndi mapaketi a ORS, ndipo m'mwetseni pang'onopang'ono njira yonse. Basi ikaima, nkhalamba ndi amai apakati atsike, akhale pamthunzi ndi kuongola miyendo. Mai amene masiku ace ayandikira ayambe wafunsa a nasi ku kiliniki asanagule tikiti.